Ndi limodzi lokha, malume

Mwezi watha, usiku ndikukonzekera zokagona, mwana wa mchemwali wanga anandiimbira foni. Ali m'chaka chachiwiri ku yunivesite. Tinapatsana moni, tinakambako za mayi ake, kenaka anati zotsatira za mayeso zatuluka.

"Zayenda bwino, malume. Ndagwa limodzi lokha."

"Liti?"

Anatchula dzina la phunzirolo n'kuseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akufuna kuti nkhani ithere pomwepo. "Musadandaule. Ena asanu onse ndakhoza. Ndi limodzi lokha."

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Mawu amenewo ndimawadziwa bwino chifukwa anatulukapo pakamwa panga, ndili m'chaka chachiwiri chomwecho, ndikuuza mayi wina amene ndinali nditamuthawa kwa milungu isanu.

## Masamu anga a nthawi imeneyo

Ine ndinagwa Statistics yoyamba. Sindinagwe moyipa, ndinapereweza malikisi ochepa, ndipo zimenezo n'zimene zinandipusitsa kwambiri. Ndinkawerengera motere: digiri yonse ili ndi maphunziro pafupifupi 40, ine ndataya limodzi, atsala ndi ochuluka. Ndidzalibwereza ndikadzapeza mpata, mwina chaka chamawa, mwina chomaliza. Ndinkaiona digiri ngati mulu wa njerwa woti ukasowa imodzi ukhoza kuiwonjezera nthawi ina iliyonse.

Palibe anali atandiuzapo kuti njerwazo n'zomangidwa kale pakhoma, ndipo ina ili pansi pa zinzake. Kapena kunena zoona, anandiuza. Zinalembedwa m'buku la malamulo a maphunziro limene anatipatsa sabata yoyamba, m'timalemba tating'ono pansi pa dzina la phunziro lililonse. Sabata imeneyo ndinali wotanganidwa kufunafuna kalasi ndi kuloweza mayina a anzanga. Bukulo ndinaliika pansi pa sutikesi.

Imelo yoyamba yochokera kwa mayi uja, mlangizi wanga wa maphunziro, inabwera patangotha masiku ochepa zotsatira zitatuluka. Inali yaifupi: bwera ku ofesi tidzacheze za semesita ikubwerayi. Ndinaiwerenga, mtima unagunda, ndinaitseka. Yachiwiri sindinaitsegule n'komwe. Yachitatu ndinaifufuta.

Amene sanagwepo mayeso zimawavuta kumvetsa zimenezi. Amati, munthu akufuna kukuthandiza, ukuthawiranji? Koma ukagwa, aliyense wokuitana umamuona ngati woweruza. Ine kwathu ndinali woyamba kufika ku yunivesite. Anthu ankanditchula m'mapemphero. Kukakhala pampando patsogolo pa munthu wamkulu n'kuvomereza ndi pakamwa panga kuti ndagwa kunali ngati kuvula pagulu. Ndinkaganiza kuti ndikapanda kuyankha, nkhaniyo ikhala ya ine ndekha.

## Anandidikirira pakhomo

Tsiku lina tikutuluka m'kalasi ndinaona mayi wamfupi, wa imvi pang'ono, ataima m'khonde ndi faelo kukhwapa. Ankayang'ana nkhope za otuluka, n'kuyang'ana kachithunzi kamene kanali pafaelopo. Atandiona anatchula dzina langa lonse, mosakweza mawu.

"Ndine, Madamu."

"Uli ndi kalasi panopa?"

"Ayi, Madamu."

"Tiye."

Sanandikalipire za maimelo aja. Mpaka lero sanawatchulepo. Titafika mu ofesi anandilozera mpando, ndipo ine, pofuna kuyamba ndine asanandiyambe, ndinatulutsa mawu amene ndinali nditakonzeratu. Ndinati ndikudziwa kuti ndinagwa Statistics, koma ndi limodzi lokha, ndipo ndaganiza kale chochita: chaka chachitatu ndidzatenga maphunziro 7 m'malo mwa 5 kuti ndikwirire dzenjelo ndi kupitirirako.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anatenga pepala loyera, analigoneka cham'mbali, anajambula mabokosi 8 mumzere umodzi, n'kundipatsa cholembera.

"Bokosi lililonse ndi semesita. Awa atatu wadutsa. Tiyambire kumapeto. M'bokosi lomaliza muli chiyani chimene sungalandire digiri popanda icho?"

"Kafukufuku wa chaka chomaliza."

"Lemba. Kuti akulole kuyamba kafukufuku, uyenera kukhala utakhoza chiyani?"

Sindinadziwe. Anandikankhira buku lija, lofanana ndi limene linali pansi pa sutikesi yanga, ndipo anadikira kuti ndipeze ndekha tsamba lake. Research Methods yachiwiri. Ndinalemba m'bokosi lake. Nanga imeneyo ikufuna chiyani? Research Methods yoyamba. Nanga imeneyo? Statistics yachiwiri. Nanga imeneyo?

Dzanja linaima.

"Jambula muvi," anatero.

Ndinajambula muvi kuchokera pa kafukufuku, kubwerera m'mbuyo bokosi ndi bokosi, mpaka unakathera pa phunziro limene ndinagwa. Maphunziro asanu, lililonse litakhalira linzake, ndipo pakati pawo panalibe bokosi lopuma. Kenaka anandifunsa funso limene linandimaliza: Statistics yoyamba imaphunzitsidwa semesita iti? Ndinayang'ananso m'buku. Yoyamba yokha. Kamodzi pachaka.

Ndinakhala chete nthawi yaitali ndikuyang'ana pepalalo. Akanangondiuza kuti "wachedwa ndi chaka," ndikanatsutsa mumtima, ndikanati akundiopseza. Koma muviwo unali wa dzanja langa. Maphunziro 7 amene ndinkanyadira aja sakanathandiza kanthu, chifukwa vuto silinali kuchuluka kwa njerwa. Ndikanatha kutenga ngakhale 10, khomo la Statistics yachiwiri likanakhalabe lotseka.

## Lachiwiri m'mawa

Ndinkaganiza kuti tatha, koma anatsegula faelo ija n'kutulutsa pepala lina, la kaundula wa obwera m'kalasi.

"Statistics inali Lachiwiri 8 koloko m'mawa ndi Lachinayi masana. Lachinayi sunajombepo. Lachiwiri unabwera kanayi semesita yonse. Lolemba usiku umakhala kuti?"

Apa ndi pamene misozi inalengeza. Funso la malikisi ndinali nditalikonzekera, koma ili ayi. Ndinkagwira ganyu yausiku masiku awiri pa sabata kuti ndipeze ndalama ya chipinda ndi ya mabuku, ndipo usiku umodzi unali wa Lolemba. Ndinkaweruka kutacha. Ndinkadziuza kuti ndigoneko ola limodzi, n'kudzuka dzuwa lili pamutu. Palibe mphunzitsi ankadziwa. Anzanga ankangoti ndine waulesi wa m'mawa, ine n'kumaseka nawo.

Sanandimvere chisoni choonekera, ndipo ndimamuthokoza chifukwa cha zimenezo. Anangofunsa ngati abwana anga angalole kusintha usiku. Ndinati sindinafunsepo. Anati ndikafunse lero lomwelo. Anandiuzanso kuti pa sukulupo panali thumba lothandiza ophunzira ovutika, ndipo mafomu ake ankatsekedwa Lachisanu la sabata yomweyo. Ndinali nditakhala pa sukulupo chaka ndi theka osamvapo za thumbalo.

Zonsezi zinatenga mphindi zosakwana 40.

## Safunsa anadya phula, inde

Ndikafotokoza nkhaniyi, pamakhala wina amene amati safunsa anadya phula. Wophunzira wa ku yunivesite ndi wamkulu, awerenge malamulo, akafunse yekha. Ndimavomereza theka lake. Buku lija ndinayenera kuliwerenga. Koma mwambiwu umanena za munthu amene akuona kuti pali chinthu chimene sakuchidziwa, n'kuuma mutu osafunsa. Ine sindinkadziwa kuti pali funso. Ukafunsa bwanji za unyolo umene sukudziwa kuti ulipo? Mnzanga amene bambo ake anali ndi digiri ankadziwa zimenezi asanalowe n'komwe pageti. Ankazimva kunyumba. Iye ofesi ya mlangizi ankaiona ngati malo ake, ine ndinkaiona ngati bwalo la milandu.

N'chifukwa chake ulangizi wongokhala mu ofesi, chitseko chili chotsegula, kudikira amene abwere, umathandiza kwambiri amene akanadzithandiza kale. Amene akumira sabwera. Ndinadzazindikira patapita zaka kuti zimene anachita mayi uja zili ndi dzina. M'zaka za m'ma 1970, Robert Glennen wa ku University of Nevada, Las Vegas, ku America, analimbikitsa njira imene inatchedwa intrusive advising, ulangizi wolowerera: mlangizi asadikire, apite yekha kwa wophunzira zizindikiro zikangoyamba kuoneka. Masiku ano ambiri amakonda kuitcha proactive advising, chifukwa dzina loyambalo limamveka ngati kusuzumira m'nyumba ya eni. Ine amene anandisuzumira ndimakonda dzina loyambalo. Limanena zoona. Anandilowerera, sindinamuitane, ndipo tsiku limenelo sindinakondwe.

Cha nthawi yomweyo, mu 1972, katswiri wina wa ku America, Burns Crookston, analemba zosiyanitsa alangizi a mitundu iwiri. Wina ali ngati dokotala wolemba mankhwala: tenga ichi, siya icho, saina apa. Wina amayenda nawe kuti uphunzire kuganiza za njira yako. Mayi uja akanatha kundilembera ndandanda yonse m'mphindi zisanu. Anandipatsa cholembera. Semesita zotsatira ndinkajambula mabokosi aja ndekha ndisanalembetse phunziro lililonse, ndipo kawiri ndinagwira msampha ndisanaupondepo.

Vincent Tinto, katswiri wa za maphunziro wa ku America amene kuyambira 1975 wakhala akulemba za chifukwa chimene ophunzira amasiyira sukulu panjira, ananena kuti si nzeru zokha zimene zimasunga munthu pa koleji. Wophunzira amene sanalumikizane ndi aphunzitsi ndi anzake, amene akudziona ngati mlendo pamalopo, ndiye amachoka mosavuta. Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira kachithunzi kaja pafaelo. Munthu anakhala pansi n'kuloweza nkhope yanga.

## Msampha umene ulibe phokoso

Unyolo wa maphunziro ndi msampha umodzi. Wina ndi wa makirediti, mapointi amene umapeza pa phunziro lililonse ukalikhoza, ndipo umenewu umagwira ngakhale amene sanagwepo mayeso.

Ku America digiri yoyamba nthawi zambiri imafuna makirediti 120. Ukagawa m'masemesita 8, ndi 15 pa semesita. Koma malamulo a thandizo la ndalama za sukulu kumeneko amamuwerengera wophunzira kuti ndi wa nthawi zonse akangotenga 12. Ndiye mwana amatenga 12, sukulu n'kumuuza kuti zonse zili bwino, iye n'kumakhoza bwinobwino. Zaka zinayi zikatha ali ndi 96. Atsala 24, chaka china chathunthu cha fizi ndi lendi chimene sanakonzekere, ndipo ena ndalama zimathera pomwepo. University of Hawaii inayambitsa kampeni ya 15 to Finish mu 2012 pofuna kungowauza ophunzira masamu amenewa. Ku Ulaya amawerengera mwina, makirediti awo otchedwa ECTS, 60 pachaka ndi 180 kapena 240 pa digiri yoyamba, koma nkhani ndi yomweyo: ukamasiyako pang'ono semesita iliyonse, palibe belu limene limalira.

Pali ndi ena amene amasintha digiri m'chaka chachitatu osafunsa kuti pa maphunziro amene anakhoza kale ndi angati adzawerengedwe. Ena amasamukira ku sukulu ina n'kupeza kuti theka la ntchito yawo silikulandiridwa. Ena amadzaza mabokosi ndi maphunziro osankha okoma n'kusiya ofunika mpaka kumapeto, pomwe awiri amapezeka kuti ali pa ola limodzi. Palibe mwa anthu amenewa amene anadzuka tsiku lina n'kunena kuti ndasiya sukulu. Amangozindikira kuti njira yatalika kuposa ndalama ndi mphamvu zimene ali nazo.

## Kompyuta ikaona, ndani akaime pakhomo?

Mayi uja anandipeza ndi faelo ya mapepala komanso maso ake. Masiku ano masukulu akuluakulu amagwiritsa ntchito makompyuta. Georgia State University ya ku Atlanta ndiyo imatchulidwa kwambiri. Mu 2012 inayamba dongosolo limene limayang'ana zolembedwa za wophunzira aliyense tsiku ndi tsiku, kufufuza zizindikiro zoposa 800 zimene anazipeza ataunika zotsatira za ophunzira a zaka 10 zam'mbuyo. Wina akalembetsa phunziro losagwirizana ndi digiri yake, kapena akakhoza mopereweza phunziro loyamba la digiri yakeyo, mlangizi amalandira uthenga. Anthu akamasimba nkhaniyi amakonda kutama kompyutayo. Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti sukuluyo inalemba ntchito alangizi atsopano 42. Kompyuta ikhoza kudziwa kuti Lachiwiri sindibwera. Singandifunse kuti Lolemba usiku ndimakhala kuti m'njira yoti ndiyankhe zoona.

Ku New York, City University inayamba pulogalamu ya ASAP mu 2007 m'makoleji ake a zaka ziwiri. Ophunzira ankayenera kukumana ndi mlangizi pafupipafupi, ndipo mlangizi aliyense ankapatsidwa ophunzira ochepa kuti awadziwe. Bungwe la kafukufuku la MDRC linagawa ophunzira mwa maere, ena m'pulogalamuyo ena kunja, n'kuwatsatira zaka zitatu. A m'pulogalamu 40 pa 100 alionse anamaliza, pomwe enawo anali 22. Koma tisanamizane kuti anali malangizo okha. Ankawapatsanso makhadi okwerera sitima ndi basi, mabuku aulere, ndi kuwachotsera fizi imene inatsala. Malangizo opanda chogwirika m'manja ali ngati kulozera munthu waludzu chitsime chokiya. Ine ndemwe, pakanapanda mafomu a Lachisanu aja, muvi wanga ukanangokhala chithunzi chokongola cha mmene ndagwera.

Ndipo chida chomwecho chikhoza kutembenuka. Ku Mount St. Mary's University ya ku Maryland, mu 2016, mkulu wa sukuluyo anatula pansi udindo zitaululika kuti ankafuna kugwiritsa ntchito mafunso opatsidwa kwa ophunzira atsopano kuti apeze ofooka n'kuwachotsa msanga, asanawerengedwe m'ziwerengero za sukulu. Mndandanda wa amene ali pangozi ndi umodzi womwewo. Wina amautenga kuti akawadikirire pakhomo la kalasi, wina kuti awasonyeze geti. Palinso mtundu wina wa nkhanza yofatsa, pomwe mlangizi amauza mwana wosauka kuti uinjiniya si wako, tenga chopepuka, chifukwa choti kompyuta yamupaka utoto wofiira. Mayi uja sanandiuzepo kuti ndisiye digiri yanga. Anandifunsa kamodzi ngati ndikuifunabe. Nditati inde, sanabwerezenso.

## Zimene sanathe kupulumutsa

Sindikufuna kuti nkhaniyi imveke ngati yozizwitsa. Sindinamalize pa nthawi yake.

Anayesa kupempha mkulu wa dipatimenti kuti ndiloledwe kutenga Statistics yachiwiri ndisanabwereze yoyamba. Anakana, ndipo lero ndikuona kuti anachita bwino, ndikanangogwa kawiri. Chimene chinatheka n'chakuti tinakoka maphunziro osankha a m'tsogolo kuwabweretsa m'mabokosi amene anatsala opanda kanthu, kuti nthawi yodikirayo isapite pachabe, ndipo pambuyo pake ndinaloledwa kutenga Research Methods yachiwiri limodzi ndi gawo loyamba la kafukufuku. Chaka chinafupika n'kukhala semesita imodzi. Anzanga amene ndinayamba nawo anavala magawuni ine ndikadali m'laibulale. Zinandiwawa, ndipo tsiku limenelo foni ndinaizimitsa.

Abwana anga anavomera kusintha usiku nditangofunsa. Sanafunse n'chifukwa chake. Semesita yonse ndinavutika ndi chinthu chimene chinatha ndi chiganizo chimodzi, ndipo zimenezo zimandipsetsabe mtima ndikazikumbukira.

Panali mnzanga wina amene tinagwa naye phunziro lomwelo. Mlangizi wake anali mphunzitsi wabwino ndithu m'kalasi, koma wa ophunzira ochuluka ndi kafukufuku wake womuthina. Ankasaina mafomu a kalembera ali chiimire. Sindimuimba mlandu kwambiri, chifukwa m'masukulu ambiri ulangizi ndi katundu amene amangomusenzetsa mphunzitsi pamwamba pa zina, osamuphunzitsa kachitidwe kake, ndipo pokweza anthu pantchito suwerengedwa. Mnzangayo anazindikira za unyolo uja ali m'chaka chachitatu, kompyuta itamukana polembetsa. Anati akapume chaka chimodzi akonze ndalama. Tinkalemberana mauthenga miyezi ingapo, kenaka tinasiya. Anali wanzeru kundiposa, makamaka pa masamu, zimene zimaseketsa mowawa.

## Pepala ndi cholembera

M'mawa mwake ndinamuimbira mwana wa mchemwali wanga uja.

"Mlangizi wako ndani?"

"Sindikudziwa, malume. Ndikuganiza anatitumizira dzina chaka chatha."

"Anakulemberapo?"

Anakhala chete pang'ono. "Pali imelo ina. Sindinaitsegule."

Ndinatsala pang'ono kumukalipira, kenaka ndinakumbukira kuti ine ndinafufuta yachitatu. Ndinamuuza atenge pepala, aligoneke cham'mbali, ajambule mabokosi 8. Anadandaula kuti ali ndi kalasi posachedwa. Ndinati tiyambire kumapeto, m'bokosi lomaliza muli chiyani? Ndinkamva akutembenuza masamba pa foni, akuwerenga mayina a maphunziro chapansipansi. Lilime linkandiyabwa kuti ndimuuze yankho, pakuti ndinali nditaliona kale, koma ndinadziletsa.

Unyolo wake unali waufupi kuposa wanga, maphunziro atatu. Koma lapakati limaphunzitsidwa kamodzi pachaka.

"Malume," anatero patapita nthawi, mawu atasintha, "ndiye kuti ndikapanda kulibwereza semesita ino..."

"Werenga wekha."

Anawerenga. Kenaka anafunsa ngati mlangiziyo sakamukalipira chifukwa cha imelo ija. Ndinati mwina akakukalipira, si onse amene ali ngati amene ndinakumana naye ine, koma upite ndi pepala lakolo m'manja, ndipo akakufunsa chifukwa chimene unagwera umuuze chenicheni, chimene sunandiuze ine. Sanatsutse kuti pali chimene sanandiuze.

Anati apita Lolemba. Lolemba lija linadutsa, ndipo linadutsanso lina. Dzulo ndinamutumizira uthenga womufunsa ngati anapita. Foni ikuonetsa kuti anauwerenga.